Kusintha Kaseŵeredwe: Kuchokera pa Bwalo Kufika pa Foni

Loŵeruka lina masana ndinapita ku Msika wa Lundazi kukagula kapenta. Pakashopu kotchajira mafoni, pafupi ndi amayi ogulitsa mtedza, ndinapeza anyamata atatu a m'gulu lathu ataŵeramira foni imodzi. Ankaseŵera Football Manager, ndipo timu yawo inali itachinyidwa zigoli ziŵiri theka loyamba lisanathe. Wina ankati achotse wapakati mmodzi ndi kuloŵetsa wakutsogolo wachiŵiri. Mnzake ankakana, amvekere kumbuyo n'kumene kukudontha. Wachitatu anangoti: "Iwe, zimitsa tiyambirenso. Palibe amene adzadziŵa."

Mawu amenewo anandipatsa maganizo njira yonse yobwerera kunyumba. Achinyamata anzanga, kodi mukudziŵa kuti manambala amene mumasintha ndi chala pafoni, monga 4-4-2 ndi 4-3-3, ali ndi mbiri yake? Ambiri a iwo anabadwa timu itagonja anthu akuona, pamene panalibe njira yozimitsira ndi kuyambiranso.

Zigoli Zisanu ndi Ziŵiri ku Newcastle

Zaka zana zapitazo, pafupifupi matimu onse a ku England ankaimika oseŵera mofanana: aŵiri kumbuyo, atatu pakati, asanu kutsogolo. Mu 1925 lamulo la ofusayidi linasinthidwa. Kale wakutsogolo anafunikira kukhala ndi adani atatu pakati pa iye ndi mzera wa golo pamene akupatsiridwa mpira. Tsopano aŵiri anali okwanira. Zigoli zinachuluka mwadzidzidzi. M'ligi yaikulu ya ku England zinakwera kuchoka pa 1,192 kufika pa 1,703 m'chaka chimodzi chokha.

Mu October chaka chomwecho, Arsenal inakwapulidwa 7-0 ndi Newcastle United. Mphunzitsi wake, Herbert Chapman, anamvetsera uphungu wa Charlie Buchan, mmodzi wa oseŵera ake, pakuti mutu umodzi susenza denga. Anabweza wapakati mmodzi kuti akaime pakati pa otchinga aŵiri aja, ndipo m'kupita kwa nthaŵi akutsogolo aŵiri anatsikira pakati kukatseka mpata umene iye anasiya. Patangopita masiku aŵiri Arsenal inagonjetsa West Ham 4-0. Kaimidwe kameneka kanatchedwa WM, chifukwa oseŵera ankaoneka ngati zilembo ziŵirizo, ndipo kanathandiza Arsenal kutenga chikho cha FA mu 1930 ndi ligi mu 1931 ndi 1933.

Komabe palibe kaimidwe kamene kamalamulira mpaka kalekale. Pa 25 November 1953 Hungary inagonjetsa England 6-3 pa Wembley. Nándor Hidegkuti anavala nambala 9 koma ankabwerera pakati, ndipo womulonda anasoŵa chochita: akamtsatira, kumbuyo kunkatsala pululu, akakhala, Hidegkuti ankayenda momasuka. Iye anamwetsa zigoli zitatu tsiku limenelo. Mu 1958 Brazil inatenga chikho cha dziko lonse ndi otchinga anayi. Ngakhale kuloŵetsa woseŵera wina m'malo mwa mnzake kunaloledwa m'Chikho cha Dziko Lonse kuyambira mu 1970 chabe, ndipo anali aŵiri okha. Lerolino amaloledwa asanu.

Mpira Uloŵa m'Kompyuta

Maseŵero oyang'anira timu anayamba kutchuka mu 1982, pamene Kevin Toms wa ku England anatulutsa oyamba otchedwa Football Manager. Anali osavuta: kugula ndi kugulitsa oseŵera, kusankha timu, ndi kuonerera tizithunzi tating'ono tikuthamangitsa mpira. Mu 1992 abale aŵiri, Paul ndi Oliver Collyer, anatulutsa Championship Manager, imene anailemba kunyumba kwawo ku Shropshire. Munalibe zithunzi za mpira koma mawu ndi manambala basi, komabe anthu ankachezera nayo usiku wonse. Kampani yawo, Sports Interactive, inayamba kugwiritsira ntchito dzina lakuti Football Manager mu 2004. Pofika mu 2008 kaundula wake wa oseŵera anali atakula kwambiri kotero kuti timu ya Everton inachita pangano lakuti iziugwiritsira ntchito pofufuza oseŵera enieni.

Chotero zimene Chapman anaphunzira mwa manyazi a 7-0 tsopano zili m'thumba la mnyamata wa ku Lundazi. Akhoza kukweza otchinga, kufutukula akumbali, kapena kuuza timu kuti ipanikize adani kutsogolo. Ndipo ali ndi chinthu china chimene Chapman analibe: batani loyambiranso.

Timu Yathu Itatha m'Nyanja

Ife a m'Zambia tikudziŵa bwino lomwe kusintha timu mokakamizika. Usiku wa pa 27 April 1993 ndege yonyamula timu ya dziko lathu kupita ku Senegal inagwera m'nyanja itangonyamuka ku Libreville, m'dziko la Gabon. Anthu onse 30 anamwalira, kuphatikizapo oseŵera 18 ndi mphunzitsi Godfrey Chitalu. Mwa iwo munali ena amene anagonjetsa Italy 4-0 pa maseŵera a Olympic mu 1988. Kalusha Bwalya anapulumuka chifukwa chakuti anayenera kuyenda payekha kuchokera ku Netherlands, kumene ankaseŵerera PSV Eindhoven.

Kodi mphunzitsi amayambira pati pamene goloboyi, otchinga ndi akutsogolo onse apita usiku umodzi? Freddie Mwila, Roald Poulsen wa ku Denmark, ndipo pambuyo pake Ian Porterfield wa ku Scotland, anasonkhanitsa anyamata amene ambiri anali asanaseŵerepo pamodzi, nawamanga mozungulira Kalusha. Anachita monga mwa mwambi uja wakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Pa 4 July 1993 timu yatsopanoyo inagonjetsa Morocco 2-1 pa Independence Stadium ku Lusaka, ngakhale kuti ndiyo inayamba kuchinyidwa. Mu October inafunikira kungofanana mphamvu ku Casablanca kuti ipite ku Chikho cha Dziko Lonse, koma inagonja 1-0. Kugonja kumeneko kunakhala m'mabuku mpaka lero. Miyezi isanu ndi umodzi pambuyo pake, timu yomweyo inafika m'ndime yomaliza ya Chikho cha Africa ku Tunisia. Elijah Litana anamwetsa chigoli pa mphindi yachitatu, koma Nigeria inapambana 2-1.

Kubwerera ku Libreville

Amene akufuna kuphunzira kusintha kaseŵeredwe mpira uli mkati ayang'ane chaka cha 2012. M'ndime yotsatizana ndi yomaliza, Ghana inapanikiza Chipolopolo kwambiri, ndipo Kennedy Mweene anagwira penate ya Asamoah Gyan kuchiyambi. Hervé Renard sanagwetse timu yonse chifukwa cha mantha. Analoŵetsa Emmanuel Mayuka m'theka lachiŵiri, ndipo pa mphindi ya 78 Mayuka anamwetsa chigoli chokhacho cha tsikulo.

Pa 12 February, m'ndime yomaliza ndi Ivory Coast ku Libreville, wotchinga wodalirika Joseph Musonda anavulala mpira utangoyamba, natuluka akulira. Renard analoŵetsa Nyambe Mulenga, ndipo m'theka lachiŵiri anamtulutsanso kuti Felix Katongo aloŵe. Kutulutsa munthu amene waloŵetsa wekha si chinthu chapafupi, koma mphunzitsi ankayang'ana zimene bwalo linkafuna panthaŵiyo. Didier Drogba anaphonya penate, mphindi 120 zinatha popanda chigoli, ndipo Stoppila Sunzu anamaliza nkhani pa mapenate, 8-7. Renard ananyamula Musonda m'manja kupita naye kwa anzake kuti akakondwere pamodzi, mumzinda womwewo umene timu ya 1993 inanyamukira ulendo wake womaliza.

Bwanji Ponena za Foni Ija?

Mbiri imeneyi ikhoza kukuthandizani ngakhale pamaseŵero anu. Musanasinthe kanthu, funsani kaye kuti zigoli zikuloŵera mbali iti, monga anachitira Chapman ndi Buchan. Sinthani chinthu chimodzi, kuti mudziŵe ngati ndicho chathandiza. Sankhani kaimidwe koyenerera oseŵera amene muli nawo, osati amene mumalota. Ndiponso apatseni nthaŵi, pakuti ngakhale Football Manager ya pakompyuta imaŵerengera mmene timu yazoloŵerera kaseŵeredwe katsopano.

Koma chachikulu n'chakuti mumalize mpirawo. Amene amazimitsa nthaŵi zonse akagonja amadzaza kabati ndi zikho koma sadziŵa chimene chinalakwika, ndipo chizoloŵezi chimenecho sichitsala pafoni. Mayeso a Giredi 12 akatuluka moipa, kapena chimanga chikapserera ndi ng'amba monga mu 2024, munthu amafunikira luso loyang'ana pamene padontha ndi kukonzanso ndi zimene zatsala m'manja.

Nditabwerera kudzatenga foni yanga, ndinawafunsa anyamata aja mmene zathera. "Akulu, sitinazimitse," anatero mwini foni. Anali atabweza wapakati mmodzi kuti athandize otchinga, ndipo anagonja 2-1. Ndinawasiya akukangana za amene adzayambe pa mpira wotsatira.