Msika wopanda nkhope: za Henry Tayali ndi funso la amalume

Mphwanga amajambula. Osati zija za kusukulu zojambula kapu ndi nthochi ayi. Amatola zidutswa za pulayiwudi kwa akalipentala a pa Songani, n'kumapakapo penti wotsala m'zitini za anthu omanga nyumba. Mwezi wathawu anamaliza china chachikulu ndithu, chofiira ndi chakuda, chokhala ndi timizere toyera tothamangira mbali imodzi. Anachiimika pakhonde kuti chiume. Amalume atafika anachiyang'ana nthawi yaitali, manja ali kumbuyo, kenaka n'kufunsa kuti, "Iwe, ichi ndiye chiyani? Penti anachita kutayikira?"

"Ndi msika, amalume," anatero mnyamatayo.

"Msika wopanda munthu ndi mmodzi yemwe?"

Tonse tinaseka, ine ndemwe. Iye sanayankhe. Anachinyamula n'kukachiika kuseri kwa chitseko, chitayang'ana kukhoma. Usiku umenewo kuseka kwanga kunayamba kundiwawa, chifukwa ndimadziwa za munthu wina amene anajambula misika moyo wake wonse mpaka nkhope za anthu zinasungunuka m'zithunzi zake. Dzina lake ndi Henry Tayali, wa ku Zambia.

Tayali anabadwira ku Serenje pa 22 Novembala 1943, dzikolo likadali Northern Rhodesia. Koma anakulira ku Bulawayo, kumene banja lawo linasamukira. Inali nthawi ya Chitaganya, ija ya 1953 mpaka 1963, pamene Bulawayo anali mzinda wa mafakitale ndi njanji wokoka anthu kuchokera mbali zonse. Agogo athu ambiri a kuno ku Nyasaland anali komweko, ena n'kutchona osabwereranso. Ndiye mukamaona makamu a anthu m'zojambula za Tayali, dziwani kuti mwina muli ndi abale anu mmenemo.

Luso lake analiona msanga ndi mzungu wina, Alex Lambeth, amene ankagwira ntchito kukhonsolo ya mzindawo, yemwenso anayambitsa Mzilikazi Art and Craft Centre. Tayali anaonetsa zojambula zake pagulu koyamba ali ndi zaka 15 zokha. Pali kanthu kena apa kamene kamandiseketsa komanso kundiganizitsa: khonsolo ya Bulawayo inkafulula ndi kugulitsa yokha mowa wamasese m'malokesheni, ndipo phindu la mowawo ndi limene linkalipirira zambiri za chitukuko cha anthu akuda. Anthu osauka ankadzimangira okha maholo ndi ndalama za chikho. Ndipo malo omwera mowawo, odzaza ndi anthu otopa ndi ntchito, anadzakhala nkhani imene Tayali ankabwererako kawirikawiri pojambula.

Chojambula chake chotchuka kwambiri ndi Destiny, chimene lero chikusungidwa ndi a Lechwe Trust ku Lusaka. Chifufuzeni pa foni, mudzachipeza. Muli anthu osawerengeka, othithikana, akugwira ntchito, akunyamula katundu, kumbuyo kwawo mzinda ukukwera. Amalume akanachikonda chimenechi, poti munthu aliyense akuoneka kuti ndi munthu. Koma mukachiyang'anitsitsa muona kuti palibe mmodzi amene ali mwini chithunzi. Diso silipeza popumira. Mwini chithunzi ndi khamulo. Ine ndimati mbewu ya zonse zimene anadzachita pambuyo pake inali kale mmenemo.

Mu 1967 anapita ku Makerere, ku Kampala, kusukulu ya zaluso imene anayambitsa Margaret Trowell, ndipo anamaliza digiri yake mu 1971, chaka chomwe Idi Amin analanda boma la Uganda. Atabwerera kwawo anagwirako ntchito pa University of Zambia, kenaka mu 1972 anapeza thandizo la bungwe la DAAD lokapitiriza maphunziro ku Kunstakademie Düsseldorf, ku West Germany. Anafika pa nthawi yotentha. Chaka chomwecho ndi chimene Joseph Beuys anachotsedwa ntchito pasukulupo chifukwa cholimbikira kulandira ophunzira amene sukulu inawakana, ndipo Gerhard Richter anali atangoyamba kumene kuphunzitsa. Kunali kukangana tsiku ndi tsiku kuti luso n'chiyani kwenikweni. Tayali anamaliza mu 1975 n'kubwerera ku Lusaka, kumene anakhala mmisiri wa yunivesite.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna tichedwepo, pa kajambulidwe kake.

Tayali sankagwira burashi yokha. Ankasemanso zithunzi pathabwa, n'kupakapo inki, n'kudinda papepala. Ntchito imeneyi ilibe chifundo. Mpeni ukadula wadula, sungafufute, ndipo ulibe mitundu yambiri yobisalamo, kwenikweni chakuda ndi choyera basi. Sungajambule nsidze iliyonse. Umakakamizika kusankha: pa munthu uyu, chofunika n'chiyani? Mwina ndi msana wopindika. Mwina ndi dzanja logwira chikho. Zotsalazo uzisiye. Zodinda zakezi zimandikumbutsa za Käthe Kollwitz, mayi wa ku Germany amene ankadinda anthu osauka ndi olira, koma anthu a Tayali ndi athu ano, a mumsika, a m'bala, a pamzere wodikira basi.

Munthu amene wazolowera kuchotsa zosafunika sasiyira pompo. M'zojambula zake za penti za zaka zotsatira, matupi anayamba kulowana, nkhope n'kusanduka madontho, mikono n'kusanduka mikwingwirima ya utoto wokandapala, mpaka zina mwa izo n'kufika pa zimene amazitcha abstract, zija zosafanizira chinthu chimene ungachiloze ndi chala. Koma khamu lija silinachoke. Chinachoka ndi maina a anthu. Kukankhana, phokoso, kutentha, kupanikizika, zonse zinatsala.

Ndipo taganizani bwino. Mukatsika minibasi pa Songani dzuwa lili paliwombo, mumaona nkhope zingati? Zoona zake, simuona nkhope. Mumaona zitenje zikudutsana, kufiira kwa tomato, njinga za kabaza zikupyoza pakati, fumbi. Nkhope imabwera pokhapokha wina akakuitanani dzina. Ndiye wojambula nkhope makumi asanu zooneka bwinobwino ndi wojambula chipwirikiti chofiira, wanena zoona za msika ndani? Ine ndikuti wachiwiriyo sananame.

Ndikudziwa chimene ena munene: izi n'za azungu, anakazitenga ku Germany. Mabuku ambiri amayambiradi nkhani ya abstract pa Wassily Kandinsky, cha m'ma 1911. Koma kwerani basi mupite ku Dedza, ku Chongoni, kumene kuli malo 127 a zojambula za pamiyala, amene UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira zakale zija, zimene amati anajambula ndi Akafula, zambiri si nyama kapena anthu. Ndi mizere, timadontho, mikombero yokhala ina mkati mwa inzake. Zoyera za Achewa, zokhudza chinamwali ndi Nyau, nazonso tanthauzo lake amalidziwa ndi olowa okha. Sindikunena kuti Tayali anaphunzira ku Chongoni. Ndikungoti chithunzi chosafanana ndi chinthu si mlendo kuno. Amalume omwewo amagona pamkeka wa mizeremizere, ndipo sanafunsepo kuti mizereyo ndi chiyani.

Komabe ndisakokere mbali imodzi. Pali anyamata ena amathawira ku abstract chifukwa dzanja la munthu limawakanika kujambula, ndipo zimaoneka. Tayali sanathawe kanthu. Yemweyo ndi amene anaumba chifanizo cha The Graduate chimene chili pa University of Zambia, munthu woonekeratu kuti ndi munthu. Nkhope anazisiya atazijambula zaka zambirimbiri, ndipo n'chifukwa chake ngakhale dontho lake limaima ngati munthu wolemedwa ndi katundu.

Anamwalira pa 22 Julayi 1987 ku Aachen, ku West Germany, ali ndi zaka 43. Anzake ojambula atakhazikitsa Zambia National Visual Arts Council, nyumba yawo yoonetseramo zaluso ku Showgrounds ku Lusaka anaitcha dzina lake, ndipo ilipobe. Kuno kwathu wojambula wachinyamata amaphunzira msanga kuti chogulika ndi njovu, mlambe ndi bwato dzuwa likulowa, zimene alendo okwera phiri la Zomba amanyamula popita kwawo. Sindiwanyoza, nawonso afuna kudya. Koma msika wa mphwanga palibe mlendo angaugule, ndipo ife a kunyumba tinauseka.

Dzulo ndinachitulutsa kuseri kwa chitseko kuja n'kuchiimika pawindo. Timizere toyera tija tonse tathamangira kumanzere, kupatula kamodzi, cha m'munsi, kamene kakulowera kwina. Nditamufunsa, anati ndi mayi wogulitsa usipa amene sasuntha minibasi ikafika. Ndamugulira mapensulo awiri ndi kope, ndipo tapangana kuti mawa tipita limodzi pa Songani akamujambule mayiyo nkhope, ngati angalole.