Masamu adabadwira pa juga

Kwathu kwa Likoswe, mwana akapezeka ndi makadi m'thumba sapatsidwa mpata wofotokoza. Juga ndi juga basi. Nditayamba kuphunzira poker pa foni chaka chatha, sindidauze aliyense kunyumba, koma mafunso amene masewerawa adandipatsa adandifikitsa ku France ya m'chaka cha 1654.

Chaka chimenecho munthu wina wokonda juga, Chevalier de Méré, adafunsa Blaise Pascal funso looneka lachibwana: anthu awiri akasiyira masewera panjira, agawane bwanji ndalama zimene adaika? Pascal adalemberana makalata ndi Pierre de Fermat. Chitsanzo chake chidali chotere: pa ndalama 64, wopambana ndi amene wayamba kuwina katatu. Wina wawina kawiri, mnzake kamodzi. Akadasewera kachikena, woyambayo akadatenga zonse 64 atawina, ndipo ataluza akadafanana, aliyense 32. Choncho 32 ndi zake kale, zotsalazo agawane pakati. Iye atenge 48, mnzake 16. Apa ndi pamene anthu adayamba kuika mtengo pa chinthu chimene sichidachitike. Gerolamo Cardano wa ku Italy adaalembapo kale za juga, koma buku lake lidasindikizidwa mu 1663, mwini wake atamwalira kalekale.

Poker idabwera mochedwa. Idayambira cha ku New Orleans kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, poyamba ndi makadi 20 okha, n'kufalikira ndi sitima za pa mtsinje wa Mississippi. Idaonjezera chinthu chimodzi chimene Pascal sadachiwerengere: bodza. John von Neumann ndi Oskar Morgenstern, m'buku lawo la mu 1944, adaonetsa kuti wosewera wanzeru ayenera nthawi zina kubetcha kwambiri ali ndi makadi oipa, apo ayi anzake amuwerenga ngati chikwangwani. Maphunziro a game theory amene anzathu a zachuma amadandaula nawo adakulira pamenepo.

Phunziro loyamba la wongoyamba kumene ndi la Pascal lomwe lija. Tinene kuti muli ndi makadi awiri a mtundu umodzi, patebulo pali anayi ndipo awiri mwa iwo ndi a mtundu wanuwo. Mukufuna limodzi kuti akwane asanu. Makadi amene simudawaone ndi 46, okuthandizani ndi 9 okha. Pakati pali K3,000, ndipo kuti mupitirize muyenera kuika K1,000. Mutasewera dzanja limeneli ka 46, mungawine K27,000 n'kuluza K37,000. Tayani makadiwo, ngakhale mtima ukukana. Ine ndidaitanira dzanja lotere kangapo ndisadakhale pansi n'kuwerenga, ndipo ndalama yoyeserera ya pa foni idatha madzulo amodzi.

Kuno ku Malawi lamulo la mu 1996 lidakhazikitsa Malawi Gaming Board, ndipo la mu 2022 lidabweretsa MAGLA. Komabe ophunzira ambiri amene ndimawadziwa sasewera poker, amabetcha mpira. Pamenepo mpomwe ndimadandaula. Pa poker mdani wako ndi munthu amene angalakwitse. Pa tikiti ya matimu khumi, mdani wako ndi kampani imene idawerenga kale. Ngakhale timu iliyonse itakhala ndi mwayi wa theka, mwayi woti onse khumi awine ndi umodzi pa 1,024. Mnzanga wina wa kuhositelo ndidamulembera zimenezi kuseri kwa tikiti yake. Adayang'ana, n'kundifunsa ngati Arsenal iwine Loweruka.