Mbiri ya Nkhalango ya pa Phiri la Mulanje

Abale, ambiri a ife tidziwa mikungudza ya ku Lebano cifukwa ca kuwerenga Buku Lopatulika, koma tiiwala kuti Mulungu anatipatsa ife mkungudza wathuwathu, umene sumera wokha kwina kuli konse koma pa phiri la Mulanje. Tiyeni tikumbutsane mbiri ya nkhalango imeneyi.

Makolo athu, Amang'anja, Ayao ndi Alomwe, analiopa phirili, nati pamwamba pace mpa mizimu. Cifukwa cace nsonga yace yaitali, ya mamita 3,002, anaicha Sapitwa. Mantha amenewo anasunga mitengo zaka zambiri. Atafika Azungu anaona kuti matabwa a mkungudza sadyedwa ndi ciswe, nayamba kuceka. Poona kuti mitengo irinkutha, Boma linaika lamulo m'caka ca 1927 kuti phiri likhale nkhalango yosungika. Mu 1984 mkungudza unachedwa mtengo wa dziko lonse la Malawi.

Koma lamulo la papepala silinagwire nkhwangwa. Kum'mwera kwa phiri, kumene mvula igwa yambiri, kunali nkhalango yowirira ya Chisongeli, yoposa zinzace m'dziko muno. Anthu osowa minda anaitema, ndipo yatsala pang'ono. Oceka usiku, ootcha makala, ndi moto wa osaka nyama anatsiriza zina. Pamene anawerenga mikungudza mu 2017, anapeza ikuluikulu 7 yokha. Nchima za m'mitengo zacepa, ndi nanzikambe wa m'cigwa ca Ruo, amene anzeru a maiko ena anamucha Nadzikambia potengera mau athu, alibe kwina kothawira.

Palinso ngozi yina. Pa Lichenya pali dothi la bauxite, lopangira citsulo copepuka ca mapoto, ndipo makampani akhala akufuna kulikumba. Tisanakondwere ndi ndalama zace, tiganizire kumene acokera madzi a Ruo, Likhubula, Thuchila ndi Phalombe. Nkhalango ndiyo igwira mvula niitulutsa pang'onopang'ono kufikira malimwe. Phiri likakhala lambee, madzi atsika tsiku limodzi pamodzi ndi miyala. Amene anaika maliro pa namondwe Freddy mu 2023 adziwa mphamvu ya madzi otere.

Mu 2025 UNESCO inalemba Mulanje pakati pa malo a mtengo wapatali a dziko lonse lapansi, ndipo mbande za mkungudza zirinkubzalidwa zikwi zambiri. Izi nzokoma, koma mkungudza ukula mocedwa, ndipo a kutali sadzalondera moto wa pakhomo pathu. Buku la Genesis litiphunzitsa kuti munthu woyamba anaikidwa m'munda kuti akhale mlonda wace. Cifukwa cace mafumu, akulu a Mpingo ndi aphunzitsi alangize anthu kuzima moto, kukana matabwa akuba, ndi kufunsa bwino asanavomere okumba, kuti adzukulu athu adzamwe madzi amene ife tamwa.