Zigoba zakale za ku Chiwondo

Zigoba zakale za ku Chiwondo ndi zigoba za nkhono za m'madzi zomwe zinakwiririka n'kuumira m'miyala ya mchenga ndi ya laimu m'boma la Karonga, kumpoto kwa Malawi. Miyalayi imatchedwa Chiwondo Beds ndipo anaifotokoza koyamba ndi katswiri wa miyala Frank Dixey m'zaka za m'ma 1920. Inapangidwa ndi mchenga ndi matope a m'mitsinje komanso a Nyanja ya Malawi, pa nthawi yomwe madzi ake ankafika kumtunda kuposa lero.

Kuzizindikira

Zigobazi zili m'magulu awiri. Zina n'zopiringizika, monga za mtundu wa Bellamya, zomwe m'malo ena zinaunjikana zambirimbiri. Zina n'zotseguka pawiri. Akatswiri amayang'ana kukula kwa chigoba, mizere yake ndi pomwe mbali ziwirizo zimalumikizana. Chigoba chakale nthawi zambiri chimakhala chotuwa, chodzaza mchenga wouma ndiponso chomatirira ku mwala.

Zonsezi ndi za m'madzi opanda mchere. Zigoba zooneka ngati chikupizo, za banja la Pectinidae, zimakhala m'nyanja za mchere zokha monga Indian Ocean, choncho ku Chiwondo kulibe.

Kudziwa zaka zake

Njira yoyeza kaboni siithandiza pano chifukwa imalekezera pa zaka pafupifupi 50,000. Ku Ethiopia ndi ku Kenya, zaka za miyala yotere zimadziwika poyeza phulusa la mapiri ophulika lomwe lili pakati pake, koma ku Chiwondo phulusa loyenera n'losowa. M'malo mwake akatswiri amadalira mafupa a nyama opezeka m'miyala imodzimodzi ndi zigobazo, makamaka mano a nguluwe zakale. Manowa ankatalika ndi kusintha maonekedwe m'kupita kwa nthawi, ndiye akawafananiza ndi a ku chigwa cha Omo kapena ku Koobi Fora, komwe zaka zinayezedwa kale, amadziwa msinkhu wa mwalawo. Mwa njira imeneyi zinadziwika kuti miyala ya pansi ili ndi zaka zoposa 4 miliyoni, pomwe ya pamwamba ili ndi zaka zosakwana 2 miliyoni.

Kufunika kwake

Zigobazi zimasonyeza pomwe panali gombe kalelo, ndipo zimathandiza kumvetsa malo omwe anthu oyambirira ankakhala. M'miyala yomweyi, ku Uraha, gulu lotsogoleredwa ndi Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza chibwano cha Homo rudolfensis mu 1991, cha zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Mbiriyi imaonetsedwa ku Cultural and Museum Centre Karonga, yomwe inatsegulidwa mu 2004.

Mvula ikakokolola nthaka, zigoba zina zimaonekera poyera. Chigoba chikachotsedwa popanda kulemba mwala womwe chinalimo, zaka zake sizingadziwikenso. Zinthu zakale zotere zimatetezedwa ndi lamulo la Monuments and Relics Act.