Mmene Anthu a ku Mua Anaphunzirira Kugawa Masiku Awo

(Nkhani yokambidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa Zaulimi)

Madzulo ano ndifuna kukamba za kuno ku Mua, m'tsinde mwa mapiri a Dedza, pakati pa Golomoti ndi Mtakataka. Masiku ano mayi mmodzi yemweyo afunika kumunda, kuchigayo, kukwaya, kumphakati ndi kumaliro, zonsezo m'sabata imodzi. Bambo naye afunika kukapha mizere, kukaumba njerwa za tchalitchi, kumsonkhano wa amfumu, ndipo mtima wake ufunanso bawo ndi mpira. Tsono tiyeni tione kumene zimenezi zinachokera.

Kalelo makolo athu analibe sabata ya masiku 7. Iwo ankawerenga nthawi poyang'ana mwezi ndi nyengo. Dzinja linali la khasu, ndipo ntchito ikakula munthu ankaphika thobwa kapena mowa naitana anzake kuti adzalime dima. Akatha kukolola, pamenepo ankachita zinamwali, kukumbukira akufa ndi kutulutsa gule kudambwe. Angoni nawo ankavina ngoma yawo. Nkhani za m'mudzi zinkamveka pabwalo, pamtondo ndi pomwe amayi ankatunga madzi. Chinthu chilichonse chinali ndi nyengo yake, kotero ntchito ndi masewera sizinkalimbana kwenikweni.

Maina amene tiitanira masiku athu atiuza okha kumene sabata inachokera. Lolemba ndilo tsiku limene anthu ankalembedwa ntchito kwa Azungu. Loweruka ndilo tsiku loweruka kuntchitoko. Lamulungu ndilo tsiku la mapemphero. Sabata inabwera pamodzi ndi ntchito yolipidwa, msonkho ndi mishoni.

Ansembe a White Fathers anafika ku Mua m'mwezi wa September chaka cha 1902, m'dziko la Angoni a Kachindamoto, namanga pafupi ndi mtsinje wa Nadzipokwe. Mu 1908 anatsegulanso mishoni ina ku Mtakataka. Kuyambira pamenepo belu linayamba kugawa tsiku. Munthu wofuna ubatizo ankaphunzira kalasi zaka 4. Akhristu ankaumba njerwa, kusenza mitengo ndi kumweta udzu wofolera sukulu za m'midzi. Aphunzitsi a m'sukuluzo anali alimi ngati anzawo. M'mamawa ankayamba apita kumunda, kenaka nkudzaphunzitsa ana ndi kutsogolera mapemphero.

Apa mpamene nthawi inayamba kuperewera. M'zaka za m'ma 1920 panali mkangano waukulu pakati pa mishoni ndi akuluakulu a dambwe, ndipo milandu ina inkafika ku Boma. Anthu amati unali mkangano wa chipembedzo, ndipo nzoona. Koma unalinso mkangano wa nthawi ya mwana. Mnyamata mmodzi ankafunika kusukulu, kudambwe ndi kubusa, ndipo aliyense ankati wake ndi wofunika koposa.

Mishoni inakulabe. Mu 1927 ku Mua kunatsegulidwa malo osamalira odwala khate, ndipo odwala ankachokera kutali. Mwana wa dera lomwe lino, Cornelius Chitsulo, anadzozedwa unsembe mu 1937, nakhala wansembe woyamba wa Chikatolika wobadwira m'dziko lino. Mu 1956 anasankhidwa kukhala bishopu wa Dedza. Anthu ataona wakwawo ali patsogolo anayamba kuyesa mpingo chinthu chawochawo, ndipo chinthu chako umachigwirira ntchito.

Njanji yochokera ku Blantyre inafika ku Salima mu 1935, kudzera ku Golomoti ndi ku Mtakataka. Sitima inathandiza kunyamula thonje, koma inanyamulanso amuna. Ambiri anapita ku Harare, ena ku migodi ya ku Joni. Ntchito zimene zinali za anthu awiri zinatsalira mayi yekha: kulima, kusinja, kutola nkhuni, kulera ana, ndiponso kusesa kutchalitchi. Kalata ikabwera kuchokera kunjako, osadziwa kuwerenga ankapita nayo kwa mphunzitsi, kawirikawiri Lamulungu potuluka Misa. Motero khomo la tchalitchi linasanduka bwalo latsopano lomverapo nkhani za maliro, maukwati ndi mitengo ya thonje.

Chaka cha 1949, chija cha njala yaikulu, ndichonso chaka chimene kunatuluka wailesi yotsika mtengo yooneka ngati poto, imene ankaitcha Saucepan Special. Mawu ake ankachokera ku Lusaka, ndipo anthu ankasonkhana pakhomo pa mwini wailesi madzulo kudzamvera nyimbo ndi nkhani m'Chinyanja. Wailesi yathu ya MBC inayamba mu 1964. Ubwino wa wailesi ndi wakuti munthu amamvera manja ali pantchito, kaya akutokosa chimanga, kaya akuluka mphasa.

Pano ndiyenera kunenanso za ife alangizi. M'zaka za m'ma 1950 Boma la atsamunda linkakakamiza anthu malimidwe, ndiko kupanga migula ndi mizere yopingasa, ndipo wokana ankalipitsidwa kapena kumangidwa. Kuteteza nthaka kunali kwanzeru, koma alangizi a masiku amenewo sanafunse kuti mayi amene mwamuna wake ali ku Joni apeza kuti nthawi yokumba migula. Anthu anadana nayo ntchitoyo kwa zaka zambiri. Chinthu chabwino chikaikidwa pa munthu wolemedwa kale, amachiyesa chilango.

Zaka za m'ma 1970 zinasinthanso zambiri. Mabishopu a kum'mawa kwa Africa anagwirizana mu 1973 ndi mu 1976 kuti Akhristu azikumana m'magulu aang'ono a m'midzi, amene tiwatcha miphakati. Ntchito zimene ankachita wansembe ndi mphunzitsi zinagawidwa kwa anthu wamba: kuzonda odwala, kuphunzitsa ana a tilitonse, kukonza maliro, kusonkha chakudya cha osowa. Mu 1974, ndege yonyamula anthu ochokera ku migodi itagwa ku Francistown, Boma linaimitsa ulendo wa Wenela, ndipo amuna ambiri anabwerera kumudzi. Mu 1976 Bambo Claude Boucher, amene anthu anawapatsa mfunda wa Chisale, anayambitsa Kungoni, malo ophunzitsira zosemasema ndi kusunga miyambo. Kusema kumene ena ankachita pongocheza pansi pa mtengo kunayamba kugulira mabanja mchere ndi sopo. Nyumba yosungiramo zakale ya Chamare inaonetsa miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao pabwalo la mishoni pomwepo, pamalo pamene agogo athu ankakangana za gule. Mu 2005 bungwe la UNESCO linavomereza Gule Wamkulu kukhala chuma cha anthu onse a padziko.

Pofika chaka cha 2000 sikimu ya ulimi wothirira ya Bwanje, ya mahekitala 800, yomangidwa ndi thandizo la dziko la Japan pa mtsinje wa Namikokwe, inali itayamba ntchito. Inabweretsa mpunga ndi ndalama, koma kwa olima m'madimba ndi mothirira chilimwe sichikhalanso nyengo yopuma monga kale.

Ine ndinaphunzira zimenezi mochititsa manyazi. Nditangoyamba ntchito ndinaitanitsa msonkhano wa alimi m'mudzi wina, koma ndinapeza pabwalo pali nkhalamba zochepa ndi mbuzi. Nditadandaula, gogo wina anati, "Alangizi, munafunsa yani? Lero ndi tsiku la mphakati, ndipo mawa ndi la msika." Kuyambira pamenepo sinditchula tsiku ndisanaonane ndi amfumu ndi atsogoleri a mipingo yonse, a mzikiti omwe.

Tsono tiphunzirapo chiyani pa mbiri imeneyi? Choyamba, mvula siyembekeza munthu. Chimanga chifuna kupaliridwa masabata atatu oyamba chitamera, ndipo nthawi imeneyo igwera pamodzi ndi zokonzekera Khirisimasi. Inu atsogoleri a kwaya, ikani maphunziro anu madzulo anthu ataweruka kumunda. Njerwa za tchalitchi muumbe chilimwe. Chachiwiri, musamangosankha munthu mmodzi yemweyo pa udindo uliwonse chifukwa chakuti sakana. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Chachitatu, inu abambo, ku Joni kuja kunatha. Madzi ndi nkhuni sizinalembedwe dzina la amayi okha. Mkazi wanu akapita kukazonda wodwala m'dzina la mphakati, pakhomo pasaime. Chachinayi, dima lisafe. Mphakati umene uthandiza kupalira munda wa mkazi wamasiye wachita ntchito ya mpingo ndi ya kumunda tsiku limodzi.

Ndipo bawo, mpira ndi chimtali musazitaye ayi. Makolo athu ankavina atakolola, nkhokwe zili zodzaza, ndipo ifenso tingatero.