Mbiri ya Chingwe Cholumikiza Makompyuta Awiri

Njira yolumikiza makompyuta ndi chingwe yotchedwa Ethernet inayambika mu 1973 ku Xerox PARC ku California, ndipo mmodzi mwa oiyambitsa anali Robert Metcalfe. Poyamba inkatumiza mamegabiti osakwana atatu pa sekondi. Pa mawaya opotana, liwiro linali mamegabiti 10 mu 1990, linafika 100 mu 1995, kenako 1,000 mu 1999.

Kale makompyuta awiri olumikizidwa mwachindunji ankafuna chingwe chapadera cha crossover, chimene mawaya ake otumizira ndi olandirira anali osemphanitsa. Makina amakono amadzisinthira okha. Komabe kompyuta yochedwa ndiyo imalamula liwiro. Kuti lifike 1,000, mawaya onse asanu ndi atatu a chingwe cha Cat5e ayenera kukhala abwinobwino, ndipo chingwecho chisapitirire mamita 100.