Zilembo zopendekera za pa khadi laukwati

Zilembo zokhotakhota zimene timaziona pa makadi aukwati ndi pa masatifiketi zinachokera ku nthenga yolembera. Ku England, m'zaka za m'ma 1700, akatswiri a kalembedwe ankalemba ndi nthenga, amisiri n'kuzokota zolembazo pa mkuwa kuti zisindikizidwe. N'chifukwa chake mtunduwu umatchedwa copperplate. Buku lotchuka la zitsanzo zake ndi The Universal Penman, limene George Bickham anayamba kulitulutsa mu 1733.

Amene amalembabe kalembedweka pamanja amagwiritsa ntchito cholembera cha nsonga yachitsulo yong'ambika pakati. Dzanja likamatsika limakanikiza, nsongayo imayasama, inki imatuluka yambiri, mzere n'kunenepa. Likamakwera limapepuka, n'kusiya kamzere kowonda ngati tsitsi, kamene amati hairline. Kukongola konse kwagona pa kusinthana kumeneku. Zilembo zimapendekera kumanja pa madigiri pafupifupi 55, zonse mofanana. Chimodzi chikaima chilili, diso limachigwira nthawi yomweyo. Mchira wautali umene umapindika pa chilembo chachikulu kapena kumapeto kwa mawu ndi swash, pamene zilembo ziwiri zolumikizidwa kukhala chimodzi ndi ligature.

Mutu wa wopanga fonti umawawira polumikiza. Munthu polemba amasintha dzanja malinga ndi chilembo chotsatira, koma makina amabwereza chomwechomwecho, choncho mchira wa a uyenera kukumana bwino ndi b, ndi n, ndi chilembo china chilichonse. M'zaka za m'ma 1960 Matthew Carter anapanga Snell Roundhand potsatira kalembedwe ka Charles Snell, ndipo inalumikizana mosaoneka msoko. Hermann Zapf anadzera kwina: Zapfino, ya mu 1998, ili ndi maonekedwe angapo a chilembo chimodzi, kuti mawu asamaoneke ngati odinda.

Zilembozi zimafuna mawu ochepa ndi malo otakasuka. Chizindikiro cha Coca-Cola, cholembedwa m'kalembedwe ka ku America kotchedwa Spencerian, ndi mawu awiri basi. Mayina a mkwati ndi mkwatibwi amakhalanso bwino. Koma tsiku, nthawi, dzina la tchalitchi ndi holo ya madyerero, zimenezo zipatseni zilembo wamba, chifukwa timizere towonda tija timafufutika zilembo zikachepa, makamaka pulinta ikayamba kutha inki. Cholakwa chimene chimandinyansa kwambiri ndi kulemba dzina lonse m'zilembo zazikulu zokhazokha: michira imakolana, agogo n'kumatembenuza khadi osadziwa kuti akukwatiwa ndani.

Wolemba Chichewa ayang'anenso china asanasindikize. Mafonti ambiri otere, makamaka aulere a pa intaneti, alibe ŵ, ndiye kompyuta imabwereka chilembocho ku fonti ina, n'kuima chowuma pakati pa zinzake. Nayonso ng' imadula mzere wolumikiza. Yambani mwalemba Malaŵi ndi Ng'oma, muone ngati zikutuluka bwino, kenako mulipire makadi anuwo.